Ntchito yanga idayamba ndi mameseji a ku Joni

Mukafunsa alembi ambiri kuti luso lawo adalitola kuti, amakuuzani za mabuku. Wina amati bambo ake anali mphunzitsi ndipo m'nyumba mwawo munali shelefu yodzaza, wina amati adakulira pafupi ndi laibulale. Kwathu ku Mayani, m'boma la Dedza, mabuku a m'nyumba mwathu mukadawawerenga ndi dzanja limodzi zala n'kutsalako: Buku Lopatulika, buku la nyimbo za kutchalitchi, ndi kabuku ka kusikelo ka mng'ono wanga. Komabe lero lendi ndimalipira ndi ndalama za kulemba. Ndimalembera makampani ndi mabungwe mauthenga a pa Facebook, nkhani za pa intaneti, mawu a malonda a pa wailesi ndi timapepala togawira anthu kumidzi. Ndikamafufuza komwe zidayambira, sindifika pa buku ayi. Ndimafika pa foni ya Nokia yomangidwa ndi mphira, ndi amayi amene amuna awo anali ku Joni.

Amene simunafikeko, Mayani ndi kumapiri. Mwezi wa June ndi July kumazizira moti madzi ogona m'ndowa amaluma zala, ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Timalima chimanga, nyemba, soya ndi mbatata ya kachewere. Achewa ndi Ayao tidasakanikirana kalekale, mwakuti mwana wa kwathu amakula akumva kuitana kwa kumzikiti mbandakucha ndi belu la kutchalitchi Lamulungu, osaona chachilendo. Koma pali mbewu ina imene dera lathu limatumiza kunja chaka ndi chaka osadikira mvula: anyamata ndi abambo opita ku South Africa kukasaka maganyu.

Ulendo umenewu sudayambe dzulo. Agogo anga aamuna adapita ndi Wenela kukakumba m'migodi, ndipo adabwerako boma la Kamuzu litatsala pang'ono kuimitsa maulendowo mu 1974, chaka chimene ndege idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi. Agogo aakazi sadapiteko kusukulu. Kalata ikabwera kuchokera kumigodi ankayenda nayo mtunda wautali kukapempha munthu wodziwa kuwerenga, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkakhala utadziwa kuti amuna awo atumiza ndalama zingati komanso akudwala chiyani. Chimenechi chidawakhala pamtima zaka zambiri. Ankati munthu wosadziwa kuwerenga ali ngati nyumba yopanda chitseko, aliyense wodutsa amangosuzumiramo. Choncho nditayamba Sitandade 1 mu 2005, patatha zaka 11 chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale, iwo sadaganize za digiri kapena ntchito ya muofesi. Ankangofuna chitseko basi.

Zilembo 160

Chitsekocho chidayamba kugwira ntchito mu 2008, ndili Sitandade 4. Bambo aang'ono adatumiza foni kuchokera ku Joni, ndipo idasanduka foni ya mudzi wonse. Kutchaja kunali pa Mayani penipeni, kwa anyamata a mabatire, ndipo netiweki inkagwira bwino ukakwera pachulu cha kuseri kwa khola. Kuimba kunkadya mayunitsi ngati moto wa m'tchire, ndiye anthu ankadalira mameseji. Vuto linali loti amayi ambiri amene ankalandira mamesejiwo sankatha kuwawerenga. Akuluakulu odziwa kuwerenga analipo, koma munthu wamkulu ali ndi anzake ocheza nawo pa bawo kapena pachitsime. Mwana wa zaka 9 ankaoneka wosaopsa. Ndiye madzulo aliwonse pankamveka, "Odi kuno! Kodi mwana uja alipo?"

Agogo adandiikira malamulo awiri. Loyamba: "Iwe ndiwe pakamwa chabe. Werenga zimene zalembedwazo, usachotsepo, usathire mchere." Lachiwiri: "Zimene wawerenga pamkeka pano zithere pamkeka pomwe pano. Ndikadzangozimva kuchigayo, foniyo sudzaigwiranso." Zaka zambiri pambuyo pake ndidapeza malamulo omwewa m'mabuku a utolankhani, atalembedwa m'Chingerezi chovuta ndipo akudya masamba makumi angapo.

Kuwerenga kunali kosavuta poyerekeza ndi kuyankha. Meseji imodzi imalola zilembo 160 zokha. Ukapitirira, amasanduka mameseji awiri ndipo mayunitsi amapita owirikiza. Koma mayi amene watha miyezi isanu ndi itatu osaona mwamuna wake sayankhula zilembo 160. Amayamba ndi denga lodontha, n'kufika pa kuponi ya feteleza imene dzina lake silidatuluke, mbuzi imene yadya nyemba za eni ake, apongozi amene akuyankhula zambiri, ngongole ya kugolosale. Pakatha mphindi khumi akuti, "Eya, lemba zimenezo." Ine n'kuyang'ana kafoni, n'kuyang'ana iwo.

Njira yokha inali kufunsa kuti, "Amayi, pa zonse mwanenazi, chachikulu n'chiti?" Apa m'pamene ndidaphunzira chinthu chimene chimandidyetsa mpaka lero. Kawirikawiri chachikulucho sichinkakhala m'gulu la zimene anenazo. Mayi ena ake, atadandaula za denga ndi feteleza mpaka mawu kusasa, adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Ungowauza kuti mwana wayamba kuyenda." Mwanayo adabadwa bambo ake atachoka kale. Munthu amayamba ndi zimene zili pamwamba, za pansi pa mtima zimadikira kuti wina afunse kachiwiri. Akuluakulu sadaname kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikatha kulemba ndinkawerenga mokweza ndisanatumize. Mawu otuluka ndi mkwiyo amamveka mwina akamabwerera m'khutu la mwini wake kudzera pakamwa pa mwana. Ena ankati, "Ii, ayi, fufuta pamenepo, ndi bambo wa ana anga amenewo." Ena ankati, "Tumiza choncho, amve." Mpaka pano sinditumiza nkhani kwa mkonzi ndisanaiwerenge mokweza, moti mnzanga amene ndimakhala naye nyumba adazolowera kundimva ndikung'ung'udza ndekha kuchipinda usiku.

Mawu olemera

Chaka chomwecho cha 2008, mwezi wa May, ziwawa zothamangitsa anthu obwera zidabuka ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, n'kufalikira madera ena. Anthu 62 adaphedwa. Ife tinkamvera pa wailesi, ndipo foni ija idangoti zii masiku atatu. Amayi ankabwera osanena kanthu, n'kukhala pakhonde mpaka mdima, maso ali pa kafoni kamene kanali m'manja mwanga. Tsiku lachinayi idalira. Munali mawu anayi okha: "Tili moyo tonse musadandaule." Ndidawawerenga kambirimbiri, chifukwa aliyense wofika ankafuna kumva ndi makutu ake. Mayi ena adapempha kuti angoigwirako foniyo, n'kumayang'anitsitsa zilembo zimene sankazidziwa. Zitachitikanso ku Durban mu April 2015, boma n'kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndinali kusekondale, koma ndidadziwa kuti kumudzi kuli mwana wina amene wakhala pamkeka uja.

Uthenga umene udandikulitsa udabwera ndili Sitandade 7. Unali wa mayi ena ake a kutsidya kwa dambo, a ana atatu. Ndinali ndi chizolowezi choyamba ndawerenga chamumtima, ndipo nditangoona mzere woyamba m'mimba mudatentha. Bambo a kunyumba kwawo ankanena kuti akwatira komweko, sabweranso, ndipo asamawadikire. Mayiwo anali akumwetulira, atabwera ndi nthochi zoti andipatse. M'mutu mwanga mudabwera mabodza atatu okonzeka kale: netiweki yadula mawu, akuti ntchito yavuta, akuti atumiza mwezi wamawa. Agogo, amene ankasankha nyemba m'lichero chapafupi, adandiyang'ana nkhope n'kunena liwu limodzi: "Werenga."

Ndidawerenga monga momwe zidalembedwera. Mayiwo adati, "Bwereza." Ndidabwereza. Adakhala chete nthawi yaitali, n'kudzuka, n'kumanga bwino chitenje, n'kuti, "Zikomo mwanangu." Nthochi zija adazisiya pamkeka.

Usiku umenewo nsima idandikana. Ndidafunsa agogo ngati sikukadakhala bwino kuwabisira, ngakhale sabata imodzi yokha. Iwo adati, "Ukadawabisira, ukadadzimvera chisoni wekha, osati iwowo. Mvula yayandikira. Munthu ayenera kudziwa ngati munda alima yekha." Ndipo zidaterodi. Kwathu n'kwachikamwini, munda ndi nyumba zinali za mayiwo. Sabata yomweyo adaitanitsa ankhoswe, nkhani idakambidwa, ndipo chaka chimenecho sadadikire ndalama ya feteleza yochokera ku Joni. Adadzala nyemba ndi soya, mbewu zosalira feteleza wambiri, n'kuyamba kugulitsa mandasi tsiku la msika. Sindikunena kuti zidawayendera mofewa. Ndikungonena kuti adayamba kudzithandiza mwezi wa October, m'malo moyamba February njala italowa kale m'nyumba.

Tili tonse

Sikuti ubwana wanga wonse unali wa misozi ya anthu ayi. Usiku, makamaka tikakolola, tinkazungulira moto, agogo n'kuyamba, "Padangotero!" ife, "Tili tonse!" Amene mudakulira kumudzi mukudziwa kuti "tili tonse" ameneyu si mwambo chabe, ndi sikelo. Nthano ikamakoma amamveka mwamphamvu. Ikayamba kuzungulirazungulira amafooka, mpaka wokambayo amazindikira kuti watsala ndi galu yekha. Ana tikapatsidwa mpata wokamba, anzathu sankatinyengerera m'pang'ono pomwe. Lero pantchito timayang'ana manambala osonyeza kuti owerenga adafika pati asanatseke nkhani n'kuthawira pa TikTok. Makasitomala anga amawatcha mayina a Chingerezi manambalawo, koma ndi "tili tonse" yemwe uja. Pa zilape napo tinkaphunzira kufinya chinthu chachikulu m'mawu ochepa. Agogo ankayamba ndi "Chilape!" ife "Nachize!", pamene anzathu a mudzi woyandikana nawo ankati "Ndagi!" ife "Gize!", ndipo wolephera kumasulira ankasekedwa mpaka mawa lake.

Zowerenga tinkatola paliponse. Nyuzipepala yokulungira usipa kapena zitumbuwa ndinkaiwongola n'kuiwerenga, ngakhale nkhani yake itadukira pakati. Mathero ndinkapeka ndekha pobwerera kunyumba, ndipo mwina nkhani zanga zoyamba zinali zimenezo. Nyuzipepala ya Boma Lathu ikapezeka inkayenda khomo ndi khomo mpaka kufewa ngati nsanza. Sewero la Tikuferanji likatha pa wailesi, ife tinkalipitiriza kuseri kwa nkhokwe, aliyense ndi mbali yake, ndipo ntchito yanga inali youza anzanga zoti anene.

Buku lenileni loyamba adandibwereka ndi aphunzitsi anga a Sitandade 8, ataona kuti chimangirizo changa chimadutsa masamba amene adalamula. Linali Nthondo, lopanda chikuto, lomatidwa ndi selotepi. Chimene chidandidabwitsa si nkhani yokha, koma zimene aphunzitsiwo adandiuza: kuti mlembi wake, Samuel Josia Nthara, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, kuseri kwa mapiri omwewa, ndipo kuti bukuli lidapata mphoto mu 1933 pampikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, n'kumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Adanditchuliranso E.J. Chadza, mlembi wa Kokha Mcheperawakalulu, kuti anali wa konkuno ku Dedza. Kufikira tsiku limenelo ndinkayesa kuti mabuku amachokera kumene kumachokera mankhwala ndi mabatire, kutali kwa azungu. Sindinkadziwa kuti munthu wodya nsima ya nyemba ngati ine angakhale pansi n'kulemba buku, dziko n'kumaliwerenga iye atamwalira kalekale.

Ndili kusekondale tidapita kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira adajambula Akafula, zoyera makolo athu Achewa, ndipo zina n'zokhudza chinamwali. Pasukulu pathu nthawi imeneyo ukagwidwa ukuyankhula Chichewa unkapatsidwa chibalo chotchetcha, ndiye zinali zachilendo kuona alendo ochokera kunja akujambula zithunzi za zinthu zimene agogo a agogo athu adasiya pathanthwe. Ndidabwerako ndikudzifunsa kuti nanga bwanji zakwathu zimakhala zamtengo zikaonedwa ndi mlendo, koma zikatuluka pakamwa pathu n'kukhala mlandu.

Umphawi si mphunzitsi

Pano ndiyenera kuchenjeza. Nkhani ngati yangayi imakoma kuikamba ngati kuti mavuto ndiwo amapanga mlembi. Timakonda kutchula Legson Kayira, amene adayenda wapansi kuchoka kwawo kumpoto mpaka ku Khartoum pofuna maphunziro, n'kudzatulutsa buku la I Will Try mu 1965. Timatchulanso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene njala ya 2002 idamuchotsa pasukulu koma adapanga makina amphepo opangira magetsi powerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono ya kwawoko. Nkhani zawo n'zoona ndipo n'zolimbikitsa. Koma taonani bwino: Kamkwamba adapeza laibulale. Njala idagwera ana osawerengeka, laibulale idapezeka pafupi ndi ochepa.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wodziwa kukamba nkhani kuposa ine kutalitali. Ankatha kutengera mayankhulidwe a aliyense, kuyambira amfumu mpaka wogulitsa mankhwala a makoswe pamsika, ife n'kumagubuduka ndi phwete. Adakwatiwa tili Sitandade 7. Mnyamata amene ankatiposa tonse pa Chingerezi ali ku Joni, amatsuka magalimoto. Onsewa adaona zimene ndidaona ine, mwinanso zoposa. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndinali ndi agogo amene adakana kundichotsa pasukulu ngakhale chaka chimene tinkadya kamodzi patsiku, ndi aphunzitsi amene adandibwereka buku lawo lokhalo. N'chifukwa chake ntchito imene Inkosi Theresa Kachindamoto ya konkuno ku Dedza idatchuka nayo, yothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu, komanso kusintha kwa malamulo a dziko mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndimaziona ngati nkhani za mabuku. Mtsikana aliyense wobwerera m'kalasi wanyamula nkhani zimene mwina tidzaziwerenga.

Ku yunivesite ku Zomba ndidakumana ndi anzanga amene adakula ndi mashelefu aja. Ankatchula mabuku amene ine ndinali ndisanawamvepo, ndipo chaka choyamba ndinkakhala kumbuyo, pakamwa nditatseka. Kumeneko ndidadziwa za gulu la alembi la Writers Group limene lidayamba mu 1970, za Jack Mapanje amene adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, za Steve Chimombo amene adatenga Napolo wa makolo athu n'kumulowetsa m'ndakatulo. Zidandilimbitsa mtima kuona kuti akatswiriwa ankatunga pachitsime chomwe chija. Ndipo titatumidwa kumidzi kukafunsa anthu mafunso a kafukufuku, zinthu zidatembenuka. Anzanga ankabwerako ndi mayankho a "eya" ndi "ayi". Ine ndinkadziwa kukhala pansi, kuyamba ndi moni wa ana ndi wa kumunda, kulola munthu kuti amalize za denga lodontha, kenako n'kufunsa kachiwiri.

Kapepala ka ngongole

Tsopano WhatsApp idandilanda ntchito yanga yakale ija. Amayi a kwathu amangodina n'kuyankhula, mawu awo n'kukafika ku Joni momwe alili, ndi mkwiyo wake ndi kuseka kwake komwe. Ndimakondwera nazo, chifukwa chitseko chija aliyense ali nacho chake. Koma si zonse zimene zimabwera ndi mawu apakamwa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Chonsecho mauthenga a ndalama za pafoni, malamulo a ngongole, kamwedwe ka mankhwala, ndi mameseji a akathyali onamiza anthu kuti apata mphoto, zonsezi zimabwerabe m'zilembo. Ngakhale mwa odziwa kuwerenga, ambiri amamasuka ndi Chichewa, pamene zikalata zofunika zimayamba kulembedwa m'Chingerezi. Chichewa chimakumbukiridwa pamapeto, Lachisanu madzulo, ndalama ya ntchitoyo itatha kale, n'kupatsidwa kwa aliyense amene wapezeka muofesi. Mudachiwerengapo Chichewa chake, chija choyenda ngati munthu wovala nsapato mosemphanitsa.

Chaka chatha kampani ina yobwereketsa ndalama idandipatsa ntchito yolemba kapepala kotsatsa ngongole kwa alimi ndi amayi a geni. Adafuna kuti mawu okopa, oti ndalama imatuluka tsiku lomwelo, akhale m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu, koma za chiwongoladzanja ndi chilango cha wochedwa kubweza zikhale pansi, m'Chingerezi, ndi tizilembo tofuna magalasi. Ndidawauza kuti ndilemba zonse m'Chichewa, ndi chitsanzo cha manambala: ukatenga zakuti udzabweza zakuti, ukachedwa sabata imodzi ziwonjezekera zakuti. Bwana wake adaseka. "Achemwali, ife takupatsani ntchito yokopa makasitomala, osati yowaopseza." Ndidati, "Bwana, kasitomala amene wamvetsa ndi amene amabweza. Koma ngati mukufuna kapepala kobisa, mupeze wina." Adapezadi wina.

Mwezi umenewo lendi ndidalipira mochedwa, ndipo sindingakunamizeni kuti sizidandiwawe. Ntchito ya kulemba kuno ilibe tsiku la malipiro. Mwezi wina umadya nyama, wina bonya, ndipo pali makasitomala amene amayesa kuti mawu amangogwa okha ngati mango. Sindikudziyesa woyera ayi. Kungoti amayi amene akadalandira kapepalako ndimawadziwa nkhope. Ndi omwe aja a pamkeka. Lamulo loti usachotsepo, usathire mchere, agogo sadanene kuti limathera pa mameseji a ku Joni.

Anzanga ena akuda nkhawa kuti makina a AI atilanda ntchito. Zina atilandadi, makamaka zija zongodzaza tsamba. Koma ntchito imene ndidaphunzira ine sinali yolumikiza mawu chabe. Inali yokhala pansi ndi munthu mpaka anene chimene wabwerera, ndi yodziwa kuti zimene walembazo zikamupweteka, mawa mukumana naye pachitsime.

Kumudzi mpaka lero sadziwa bwinobwino dzina la ntchito yanga. Amalume ankafuna ndikhale namwino, chifukwa namwino amaoneka ndi yunifolomu ndipo mwezi ukatha amalandira. Agogo akafunsidwa amangoti, "Amalembera anthu makalata, ku Lilongwe." Sindiwakonza, chifukwa sadalakwitse.

Nanga inu?

Ngati muli ndi mtima wolemba koma mumadziona ngati mudachedwa chifukwa kwanu kunalibe mabuku, tayambani mwafufuza zimene kunali. Mwina mudakulira pa okala ya amayi anu mukumva mmene anthu amazungulirira akamapempha ngongole. Mwina munkaperekeza agogo kubwalo la amfumu, kumene munthu amapambana mlandu ndi mwambi umodzi woponyedwa pa nthawi yake. Mwina ndinu amene munkalemba mayina ndi zopereka pa maliro, kapena kumasulira pakati pa adokotala ndi azakhali anu. Zimenezo si zochititsa manyazi, ndiye mbewu yanu. Mabuku muwerenge ndithu, ambiri, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe, chifukwa khutu lokha silikwanira. Malamulo a kalembedwe amaphunziridwa, kupirira pokonza chiganizo chimodzi kakhumi kumaphunziridwanso. Yambani ndi zazing'ono: tsamba limodzi patsiku m'kope, nkhani ya munthu mmodzi wa pamsika wa kwanu, ndipo muiwerengere munthu amene sakuopani.

Ndipo ngati muli ndi mwana, kapena mng'ono wanu, kapena mwana wa achemwali amene mukumulera, kumbukirani kuti m'mera mpoyamba. Sindikunena kuti mumusenzetse zinsinsi za akuluakulu. Zina mwa zimene ndidawerenga zinali zolemera kwa mwana, ndipo ndi bwino kuti masiku ano sizifunikanso kutero. Koma mpatseni ntchito yeniyeni ya mawu. Alembe yekha mndandanda wa zogula kumsika. Awerengere agogo ake uthenga wa moni wochokera kwa achibale. Mukamuuza nthano lero, mawa akuuzeni ndi iyeyo, inu muziyankha "tili tonse". Akafunsa chifukwa chake kalulu adachita zakuti, musamuthamangitse kuti mukuonera mpira. Mukapita m'tauni, ndalama ya bandulo ya sabata imodzi itha kumugulira kabuku kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ndipo akalemba m'Chichewa, musamuuze kuti akutaya nthawi.

Agogo maso adayamba kuchita mdima, ndipo nkhani zawo za nthawi ya Wenela palibe amene adazilemba: mmene ankawerengera miyezi, nyimbo zimene amayi otsala ankaimba pamtondo, zimene amuna ankabweretsa m'masutikesi ndi zimene sankanena. Tchuthi chikubwerachi ndagula makope awiri, limodzi langa, lina la mwana wa achimwene anga amene ali Sitandade 4. Ine ndizikafunsa, iye azikalemba, ndipo tikatha azikawawerengera mokweza kuti eni nkhaniyo anene ngati zili momwemo.